Mtsikana Amene Amamasula Yekha Mfundo: Mmene Mabuku a Zithunzi a Ana Amapangira Ngwazi

Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu amene sanayambe kuwerenga, akamutsegulira buku la zithunzi, amayamba wafufuza mwini nkhani, ndipo amamupeza msanga popanda womuuza. Amayang'ana amene ali pachikuto, amene akuonekaoneka tsamba ndi tsamba, amene wagwira nyali n'kulowa m'phanga pamene anzake aima pakhomo. M'mabuku ambiri amene akutuluka masiku ano, munthu ameneyu ndi mtsikana wamng'ono: amakwera phiri kukafuna mlongo wake wosowa, amapalasa bwato usiku, amatulukira chinsinsi chimene chasowetsa akuluakulu mtengo wogwira, ndipo amabwerera kwawo matope ali m'mawondo. Kwa woonera patali, ntchito yopanga buku lotere imaoneka yapafupi, ngati kuti mlembi amangofufuta dzina la mnyamata n'kulembapo la mtsikana. Komatu buku lopangidwa mwanjira imeneyi mwana sachedwa kuliiwala, chifukwa chimene chimapanga ngwazi m'maso mwake ndi funso lakuti ndani wamasula mfundo pamene zinthu zafika pothina, komanso ngati iyeyo waona ndi maso ake, pachithunzi, mmene mfundoyo yamasulidwira.

Kusiyanitsa zowerenga za anyamata ndi za atsikana kunayamba limodzi ndi malonda a mabuku a ana. Mu 1744, John Newbery, wosindikiza mabuku wa ku London, anatulutsa kabuku ka ana kotchedwa A Little Pretty Pocket-Book, ndipo ankakagulitsa pamodzi ndi kamphatso: mnyamata ankalandira mpira, mtsikana ankalandira kakhushoni kobayapo mapini a osoka. Wina anapatsidwa chothamanga nacho panja, wina chokhala nacho pansi. M'zaka za m'ma 1800 mpatawo unakula, moti nkhani za panyanja, za pazilumba ndi za chuma chokwiriridwa ankazilembera anyamata, pamene atsikana ankawalembera za pakhomo, za kusukulu ndi za kupirira matenda mofatsa. Chizolowezichi chinali cholimba kwambiri moti mu 2014, patapita zaka 270 chitulukire kabuku ka Newbery, makolo ena ku Britain anayambitsa kampeni ya Let Books Be Books yopempha osindikiza kuti aleke kulemba pazikuto kuti buku ili ndi la anyamata, ili ndi la atsikana, ndipo makampani angapo anavomera.

Ngakhale zinali choncho, atsikana angapo a m'mabuku anadumpha mpanda msanga. Alice wa Lewis Carroll, amene anatuluka mu 1865 ndi zithunzi 42 za John Tenniel, amatsata kalulu kulowa kudzenje popanda womutuma, amatsutsana ndi aliyense amene wakumana naye, ndipo pamapeto amayankha mfumukazi yolusa pamaso pa bwalo lonse. Mawu a wojambula anali olemera kwambiri pantchitoyo moti Tenniel atadandaula kuti zithunzi zake sizinatuluke bwino, mabuku oyamba kusindikizidwa anawabweza n'kusindikiza ena. Ku America, Edward Stratemeyer, amene anali ndi kampani yolembetsa mabuku a ana ambirimbiri, anaona kuti atsikana akuwerenga nkhani zaupolisi zimene ankalembera anyamata, ndipo mu 1930 anawapatsa wofufuza milandu wawowawo, Nancy Drew. Kenaka mu 1945 ku Sweden kunatuluka Pippi wa Astrid Lindgren, wojambulidwa ndi Ingrid Vang Nyman wa ku Denmark: mtsikana wa zaka 9 wokhala yekha m'nyumba ndi hatchi komanso pusi, wamphamvu zonyamula hatchiyo m'mwamba. Lindgren anayamba kusimba nkhaniyi mu 1941 pofuna kusangalatsa mwana wake wamkazi amene ankadwala chibayo. Wosindikiza woyamba anaikana, ndipo itatuluka, akatswiri ena a maphunziro anadandaula kuti mtsikana wosamva chotere awononga ana. Ana okha sanadandaule.

Mayina odziwikawa akhoza kupusitsa munthu kuti atsikana anali ponseponse m'mabuku, pamene owerenga ziwerengero anapeza zosiyana. Mu 1972, Lenore Weitzman ndi anzake anaunika mabuku amene anapata mendulo ya Caldecott, mphoto yaikulu ya mabuku a zithunzi ku America imene inayamba kuperekedwa mu 1938, ndipo anapeza kuti akazi ndi atsikana anali ochepa zedi, ndipo ochepawo nthawi zambiri ankangoonerera, kudikira kapena kutumikira. Mu 2011, Janice McCabe ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa mabuku a ana oposa 5,600 amene anasindikizidwa ku America kuyambira 1900 mpaka 2000. Pa mabuku 100 alionse otuluka pachaka, mwa 57 munali mwamuna kapena mnyamata ngati mpangankhani wamkulu, pamene mkazi kapena mtsikana anali mwa 31. Kusiyana kunali kwakukulu koposa pa nyama: zazimuna zinatsogolera nkhani m'mabuku 23 pa 100, zazikazi m'mabuku osakwana 8. Chodabwitsa china n'chakuti zinthu sizinkangowongokera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, chifukwa mpatawo unali waukulu kwambiri kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1960 kuposa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Nkhani ya nyamayi ndi yofunika kuimapo pang'ono, chifukwa imaonetsa mphamvu ya wojambula. Chimbalangondo chojambulidwa chopanda chovala chilichonse, owerenga ambiri amachitenga ngati chachimuna, ndipo kuti chioneke chachikazi wojambula amachiwonjezera nsidze zazitali, kariboni kumutu kapena diresi. Mwana amaphunzirapo mwakachetechete kuti wamwamuna ndiye wamasiku onse, ndipo wamkazi ndi amene wawonjezeredwa kanthu. M'zinenero ngati Chichewa, mmene mawu akuti "iye" kapena "anathamanga" saulula ngati wothamangayo ndi mwamuna kapena mkazi, katundu yenseyu amagwera pa dzina ndi pa chithunzi, moti mlembi akhoza kulemba tsamba lathunthu osatchula kanthu, wojambula n'kumaliza nkhaniyo ndi kariboni kamodzi.

Kuti timvetse mmene ngwazi imapangidwira, tiyenera kuyang'ana buku lenilenilo monga chinthu chopindidwa ndi kusokedwa. Buku la zithunzi la ana aang'ono kawirikawiri limakhala ndi masamba 32, ndipo chiwerengerochi chimachokera kumakina osindikizira, kumene pepala limodzi lalikulu amalisindikiza mbali zonse n'kulipinda kuti lipereke masamba 8 kapena 16. Ukachotsapo tsamba la mutu wa buku ndi la umwini, nkhani imatsala ndi malo otambasula (masamba awiriawiri oyang'anana) pafupifupi 12 mpaka 14, ndipo mawu onse nthawi zambiri safika 1,000. M'kadanga kochepa chotere mulibe mpata wofotokoza kuti mtsikanayu ndi wanzeru, wolimba mtima, wokonda mng'ono wake. Zonsezi ziyenera kuoneka pa zimene akuchita. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti mlembi ndi wojambula nthawi zambiri sasankhana, ndipo ena sakumana n'komwe mpaka buku litatuluka. Mkonzi wa kukampani yosindikiza ndi amene amapereka zolembazo kwa wojambula, ndipo wojambula wabwino sabwereza zimene mawu anena kale. Iye amasimba theka lina la nkhani, limene mawu alisiya dala.

Tiyerekeze nkhani yotere. Chimphona chatseka mlatho wokhawo wowolokera tsidya lina, kumene mng'ono wa mtsikana wathu watsakamira, ndipo amuna amphamvu ayesa kuchithamangitsa koma abwerako manja ali m'khosi. Pa tsamba 9, mawu akungonena kuti mtsikanayo anakhala pamwala tsiku lonse n'kumayang'ana, ndipo anthu ankamuseka kuti akutaya nthawi. Chithunzi chikuonetsa zambiri: kutsogolo kuli anthu akukangana, pakati pali mbuzi ikudutsa ndi kabelu m'khosi, ndipo kumapeto kwenikweni kwa tsamba, pafupi ndi pamene chala cha wowerenga chimagwira, chimphona chija chatseka makutu ndi zala zake ziwiri, nkhope itakwinyika. Maso a mtsikanayo, timadontho tiwiri takuda, aloza komweko. Palibe liwu limodzi lotchula kabelu. Pa tsamba 22 tikumuona akumasula kabeluko m'khosi mwa mbuzi, ndipo mwana amene akumvetsera, amene maso ake anali pazithunzi nthawi yonse imene wamkulu anali pamawu, amafuula kuti wadziwa chimene chichitike. Nthawi zambiri amatulukira wamkulu asanatulukire. Akamaliza amafuna abwerere ku tsamba 9 kuti akaonetse umboni, ndipo apa m'pamene buku limasanduka lake.

Nzeru za mtundu umenewu ndi zimene zimagwira mtima wa mwana, chifukwa ndi nzeru zimene iyenso angakhale nazo: kuyang'anitsitsa, kukumbukira, kufunsa funso limene akuluakulu aliona ngati lachibwana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlembi waulesi amapatsa ngwazi yake ndodo yamatsenga pa tsamba lachiwiri kuchokera kumapeto, kapena amabweretsa mlenje wodutsa kuti aphe chilombo, kapena amangoti mtsikanayo anaganiza nzeru popanda kutionetsa kumene nzeruyo yachokera. M'nkhani zonse zitatuzi mtsikana ali pachikuto, koma mfundo yamasulidwa ndi wina. Muyeso wosavuta ndi wongomuchotsa m'nkhanimo m'maganizo: ngati mapeto angakhale omwewo iye kulibe, ndiye kuti anali mlendo m'buku lakelomwe.

Kutembenuza tsamba nakonso ndi chida. Wojambula amaika funso kudzanja lamanja, pansi, kuti yankho likhale kuseri kwa pepala: dzanja la mtsikana lagwira chitseko, tsamba latha, ndipo mwana ndi amene ayenera kutsegula chitsekocho potembenuza. M'zinenero zolembedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, wopita kutali amajambulidwa akulowera kumanja, chopinga chimabwera kuchokera kumanja kudzakumana naye, ndipo wobwerera kwawo nthawi zambiri amayang'ana kumanzere. M'mabuku a Chiarabu, amene amawerengedwa kuchokera kumanja, zonsezi zimatembenuka. Pali kusankhanso poima diso. Mtsikana wojambulidwa kuchokera pamwamba amaoneka wochepa ndi wosowa chitetezo, wojambulidwa kuchokera pansi amaoneka wamtali ngati mtengo, ndipo wojambula waluso amayamba ndi njira yoyamba n'kumatsitsa diso pang'onopang'ono pamene nkhani ikupita, moti mwana amamva kuti ngwazi yakula ngakhale msinkhu wake sunasinthe. Ngakhale zovala zimalankhula. Nsapato zimene munthu angathamange nazo, matumba oikamo chingwe ndi machesi, tsitsi lomangidwa kuti lisakole m'minga, bondo lonyuka limene likuonekabe masamba atatu otsatira: zonsezi zimauza mwana kuti thupi ili ndi logwira ntchito. Zimakhumudwitsa kuona mtsikana amene wadutsa m'dambo usiku wonse akutuluka diresi lili mbee ngati akupita kukajambulitsa.

Kulimba mtima ndiye kovuta kwambiri kukulemba, ndipo apa m'pamene mawu ndi chithunzi zimathandizana potsutsana. Mawu akhoza kunena kuti mtsikanayo sanaope ngakhale pang'ono, pamene chithunzi chikuonetsa mapewa atakwera, zala zitafinya chogwirira nyali, phazi limodzi litaloza kobwerera. Mwana amaseka chifukwa wagwira mawu akunama, komanso amaphunzira chinthu chimene palibe akanamuuza mwachindunji n'kumveka, chakuti munthu amatha kunjenjemera n'kupitabe. Ngwazi yosadziwa mantha siithandiza mwana amene amaopa mdima wa kuchipinda kwake, chifukwa alibe poyambira kuitsanzira. Pippi, ndi mphamvu zake zosatheka zija, amaoneka ngati akuphwanya lamuloli, koma nkhani yake ndi yanthabwala, ndipo mlembi anamuikira pambali ana awiri wamba, mnyamata ndi mtsikana, amene amaopa ndi kudabwa m'malo mwa wowerenga.

Pali vuto lina limene mlembi aliyense wa nkhani zotere amakumana nalo, la makolo. Mwana amene mayi ake ali pafupi sangaloledwe kukakumana ndi chimphona, ndipo n'chifukwa chake m'mabuku akale muli ana amasiye ochuluka chotere. Alembi a masiku ano amapeza njira zofatsirapo: makolo ali kuntchito, agona, atsakamira tsidya lina la mtsinje wosefukira, kapena alipo koma sakukhulupirira zimene mwana akunena. Njira yomalizayi ndi yokoma chifukwa mwana aliyense amaidziwa. Kukula kwa choopsa nakonso kumayezedwa ndi msinkhu wa wowerenga. Kwa wa zaka zitatu, kusochera pamsika waukulu kwa mphindi zochepa ndi ulendo wokwanira. Wa zaka 7 kapena 8, amene wayamba kuwerenga yekha timabuku ta mitu ifupiifupi tokhala ndi zojambula zakuda ndi zoyera apo ndi apo, amafuna mapu koyambirira kwa buku, mdani weniweni ndi chinsinsi chotenga mitu khumi. Okulirapo amapita ku mabuku a zithunzi zotsatizana m'timabokosi, mmene liwiro la nkhani limayendera kukula ndi kuchepa kwa timabokosito.

Kuchuluka kwa mabukuwa kwabweretsanso zolakwika zakezake, ndipo sibwino kuzibisa chifukwa choti cholinga n'chabwino. Choyamba ndi mtsikana wopanda banga, amene amadziwa zonse, salakwa, sapepesa, ndipo pofika tsamba lomaliza sanaphunzire kanthu chifukwa analibe choti aphunzire. Ameneyu ndi mdzukulu wa mtsikana wofatsa wa m'ma 1800 uja, wangosintha zovala. Onse awiri analembedwa kuti akhale chitsanzo, ndipo ana amanunkhiza ulaliki patali. Kulakwa kwina n'kukweza ngwazi ponyoza atsikana anzake, kumuonetsa kuti iye ndi wapadera chifukwa sakonda zidole kapena madiresi ngati enawo, zimene zimauza wowerenga wokonda zidole kuti kulimba mtima si kwake. Enanso amasandutsa anyamata ndi abambo onse a m'nkhani kukhala zitsiru kuti mtsikana awale, pamene kupambana opusa sikuonetsa nzeru za munthu. Nkhani zolimba zimamupatsa anzake oti adalirane nawo, popeza mutu umodzi susenza denga, zimamulola kupempha thandizo, koma zimasiya chiganizo chomaliza ndi sitepe yoopsa kwambiri m'manja mwake.

Funso lakuti mtsikanayo ndi wotani maonekedwe nalonso lakula. Mu 1990, Rudine Sims Bishop, katswiri wa mabuku a ana pa Ohio State University, anayerekeza mabuku ndi kalilole komanso zenera: mwana amafunika kudziona yekha m'buku, ndiponso kuona miyoyo ya ena. Kwa zaka zambiri ngwazi zachitsikana za m'mabuku ofala padziko zinali za khungu limodzi ndi tsitsi la mtundu umodzi, ndipo mtsikana wakhungu lakuda, woyenda pa njinga ya olumala kapena wovala magalasi ankapezeka makamaka m'mabuku ofotokoza vuto lake. Kusintha kwenikweni kumaoneka pamene mtsikana wotere akuthamangitsa mbava kapena kutsikira pansi pa nyanja, nkhani osaima kuti ifotokoze khungu lake kapena njinga yake. Mbali ya zenera ija imakhudzanso anyamata. Pali chikhulupiriro chakale m'malonda a mabuku chakuti atsikana amawerenga za anyamata koma anyamata sawerenga za atsikana, ndipo chikhulupirirochi chimadzikwaniritsa chokha: wosindikiza amakuta bukulo ndi pinki ndi zonyezimira, wogula amalilambalala pofunira mwana wamwamuna, ndipo kenaka ziwerengero za malonda zimaoneka ngati zatsimikiza. Mnyamata wa zaka zinayi amene wakhala pamwendo pa womuwerengera amafuna kudziwa ngati chimphona chigwere mumtsinje, ndipo za amene wanyamula kabelu amayamba kuzisamala pokhapokha wina wamkulu akamuuza kuti azisamale.

Tsamba lomaliza la mabuku ambiri otere limabweza mwana kunyumba, chifukwa nthawi zambiri amawerengedwa pogona ndipo womvetsera ayenera kutsala ndi mtima wokhazikika. Apanso pali kusiyana pakati pa nkhani zakale ndi zatsopano. Kale kubwerera kwa mtsikana kunkakhala ngati kulapa: waona kuti kunja n'koopsa, wapepesa, sadzachitanso, kapena wadzuka n'kupeza kuti anali maloto. Masiku ano wojambula amakonda kubwereza chithunzi cha chipinda chimene chinali pa tsamba loyamba, bedi lomwelo ndi zenera lomwelo, koma atasintha tinthu tiwiri kapena titatu toti mwana atipeze yekha. Mu nkhani yathu ija, mawu angathe kungonena kuti usiku umenewo onse anagona tulo tabwino, pamene chithunzi chikuonetsa mng'ono wake atagona n'kugwira mkono wa mkulu wake, kabelu kali pakhoma pamene kale panali popanda kanthu, nsapato zamatope zili pafupi ndi chitseko zitaloza panja, ndipo pansi pa pilo pakutuluka kangodya ka mapu ena amene sitinawaonepo m'buku lonselo.